Mlendo ndi Mame: Mtengo wa Pogona pa Ulendo

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambi umenewu ana amaumva kawirikawiri pamene akuuzidwa kuti apinde mphasa yawo ndi kusiyira malo munthu wapaulendo. Tanthauzo lake ndi lakuti si bwino kunyinyirika ndi mlendo, popeza lero alipo, mawa wapita. Komatu mwambiwu suyankhula kwa eni nyumba okha ayi. Umayankhulanso kwa mlendo mwiniwake, kumukumbutsa kuti mame amakoma chifukwa amadziwa nthawi yochoka. Mame amene angakhalitse paudzu mpaka dzuwa kufika paliwombo, anthu sangawatchulenso mame. Angangoti pano pachita chinyontho.

Funso la pogona limavuta aliyense amene wanyamuka ulendo m'thumba muli mopepuka. Akatsika basi mumzinda dzuwa litapendeka, amaona makomo angapo: kugona padepoti, kugogoda kwa mbale, kulipira chipinda ku resitihausi, kufunsa malo kunyumba ya alendo ya mpingo, kapena kulowa m'loji ndi m'hotela. Ambiri posankha amangoyang'ana ndalama imene ituluke m'thumba usiku umenewo, ndipo khomo limene silitchula mtengo amaliyesa laulere. Apa ndi pamene anthu amasokera. Pogona paulere palibe. Pena munthu amalipira ndi kwacha, pena ndi tulo ndi thanzi lake, ndipo pena amalipira ndi chibale chimene makolo adachisunga zaka zambirimbiri.

Mmene alendo ankagonera kale

Kale munthu ankayenda pansi masiku angapo, atamanga kamba wa chimanga chokazinga, mbatata yootcha kapena chigumu. Dzuwa likamalowa, iye ankapatukira m'mudzi umene wafikapo ndi kufunsa kwa mfumu. Kufikira kwa mfumu kudali ndi chifukwa chake: mlendo akadwala usiku, kapena kanthu kakasowa m'mudzimo, pankafunika wamkulu wodziwa kumene munthuyo wachokera. Akamulonjera, ankamufunsa kwawo, kumene akupita ndi mfunda wake. Kawirikawiri mfundawo unkamupezera abale pomwepo, pakuti m'midzi yambiri simunkasowa a Phiri, a Banda, a Mwale kapena a Mbewe.

Mlendo wamwamuna ankagona kumphala pamodzi ndi anyamata, pamene wamkazi ankamutengera kukuka kwa agogo aakazi. Ankamupatsa madzi osamba ndi nsima, ndipo akakhala munthu wolemekezeka nkhuku inkagwidwa. M'mawa ankamuperekeza mpaka kumtsinje kapena kumalire a minda. Za ndalama panalibe wotchula. Mwini nyumba sankafunsanso kuti mlendo achoka liti, chifukwa funso lotere linkamveka ngati kupirikitsa.

Ngakhale zidali choncho, mlendoyo sankagona chabe. Ankalipira ndi nkhani za kumene wadutsa, komanso ndi nzeru zimene eni mudzi analibe, n'chifukwa chake adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koposa zonse, ankachoka atasenza ngongole yosalembedwa, yoti tsiku lina iyenso adzatsekulira chitseko munthu wa m'mudzi umenewo. Kupatsa n'kuikiza.

Mwambowu unkayenda bwino chifukwa zonse zofunikira kwa mlendo zidali pakhomo. Chimanga chidali m'nkhokwe, nkhuni kuthengo, madzi pachitsime, ndipo nkhuku zinkangoyenda pabwalo. Pakamwa pamodzi poonjezera sipankaoneka n'komwe. Mpake kuti adati mlendo sathyola mphasa.

Kudza kwa pogona polipira

Nyumba zogona zolipira zidadza ndi atsamunda. Boma lidamanga timanyumba togona akuluakulu ake akamayendera maboma, ndipo mu Blantyre hotela ya Ryalls idatsekulidwa m'zaka za m'ma 1920 kuti izilandira Azungu apaulendo. Anthu wamba adayamba kusowa pogona pamene maulendo awo adasanduka a kumalo kumene kulibe mfumu yowafunsa mfunda. Amuna ambirimbiri ankasonkhana mu Blantyre podikira ulendo wa kumigodi ya ku Joni kudzera m'bungwe la Wenela. Mu 1974 ndege yonyamula ena mwa iwo idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha anthu oposa 70, ndipo Dr. Kamuzu Banda adaimitsa ntchito yolemba anthuyo. Dzina la Wenela lidatsalira padepoti ya mabasi, pamene apaulendo akhala akucheza usiku kuyambira masiku a mabasi a UTM.

Likulu la dziko litasamuka kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, maulendo a zikalata, a ntchito ndi a malonda adachuluka. Makhonsolo ndi anthu a bizinesi adamanga maresitihausi pafupi ndi misika ndi madepoti. Kuyambira pamenepo wapaulendo adayamba kuwerenga tulo take ndi ndalama.

Kuwerenga ndi kwacha kuli ndi vuto lake. Ndalamayi idayamba mu 1971, ndipo kwa zaka zambiri pepala la K500 lidali lalikulu kuposa onse. Mu 2012 kudadza la K1,000, mu 2016 la K2,000, ndipo mu 2022 la K5,000. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mtengo wa chipinda wolembedwa chaka chino umasanduka nthano chaka chamawa. Pa chifukwa chimenechi anthu akumudzi ali ndi muyeso wawo umene sukalamba msanga: nkhuku yachikuda ndi mbuzi. Kwacha ikagwa, nkhuku imakwera nayo limodzi.

Nkhuku khumi, masiku khumi ndi anayi

Muyeso umenewu ndi umene adagwiritsa ntchito bambo wina wachikulire wa ku Ntcheu, mlimi wa kachewere ndi nyemba, pamene mkazi wake adatumizidwa kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mu Blantyre, chimene ambiri amangoti ku Gulupu. Mwana wawo wamkazi adatsagana ndi mayi ake kuti azikawadikirira. Bamboyo adatsalira masiku awiri kuti agulitse mbuzi ndi matumba angapo a kachewere. Atapatula ndalama yobwerera anthu atatu ndi ya chakudya cha wodwala, adapeza kuti yotsala ikanagula nkhuku 10. Madokotala adali atanena kuti mayiyo akhala m'chipatala pafupifupi masabata awiri. Nkhuku 10 zinkayenera kugoneka ndi kudyetsa munthu masiku 14, ndipo nkhuku iliyonse yothera pa tulo idali yochotsedwa pa sopo ndi zipatso za wodwala.

Usiku wa padepoti

Basi idafika pa Wenela usiku utapita kale, ndipo bamboyo adaona kuti si ulemu kugogoda pakhomo pa munthu nthawi yoteroyo. Adayala katoni pafupi ndi amayi ena a geni amene ankadikira basi ya m'mamawa, nadzifunda chijasi. Udali mwezi wa June, ndipo chiperoni chidali chitakuta mzinda. Ndalama adali atazimanga m'kansalu m'chiuno, choncho aliyense wodutsa ankamudzidzimutsa. Kudacha asanaone tulo.

Pongoyang'ana, usiku umenewo sudadye kanthu. Koma m'mawa adagula tiyi kuti atenthetse m'thupi, adalipira kuchimbudzi ndi posamba m'maso, ndipo pofika masana chifuwa chidamugwira, nagula mankhwala. Theka la nkhuku lidapita. Mkazi wake atamuona kuchipatala adafunsa kuti, “Kodi abambo, mwagona kuti? Masowa afiira bwanji?” Wodwala adayamba kudera nkhawa wodzamuona.

Kugona padepoti kuli ndi nthawi yake. Kumathandiza munthu wamphamvu amene akungodikira maola ochepa kuti akwere basi ya mbandakucha, makamaka akakhala ndi anzake osinthana nawo tulo, pakuti kuyenda awiri si mantha. Koma nkhalamba, mayi wa mwana kumsana, kapena munthu wonyamula ndalama ya chaka chonse, amalipira padepoti mtengo woposa wa chipinda. Udzudzu umodzi wa malungo ungathe kudya nkhuku zonse zimene munthu ankafuna kupulumutsa.

Kwa mwana wa mlongo

Tsiku lachiwiri bamboyo adapita ku Ndirande, kwa mwana wa mlongo wake amene ankagwira ntchito yaulonda. Sadapite chimanjamanja. Adanyamula kachewere ndi nyemba zofanana ndi nkhuku ziwiri, zochokera m'munda mwake. Adamulandira ndi manja awiri. Mkazi wa mnyamatayo adagwada pomulonjera, adamutenthetsera madzi, ndipo madzulo patebulo padali nkhuku. Nyumbayo idali ya zipinda ziwiri. Ana atatu amene ankagona pabalaza adawapanikiza kukona kuti amalume apeze malo.

Munthu wachikulire amaona zambiri ali chete. Bamboyo adaona kuti madzi amene adasamba adagulidwa pampopi wolipira, ndowa iliyonse ndi mtengo wake. Adaona kuti makala amabwera m'kajumbo kongokwanira tsiku limodzi, ndipo ufa umagulidwa m'timapaketi tija anthu a m'tauni adatitcha wokumani. Adaona mwini nyumba akuyang'anitsitsa mayunitsi a magetsi asanayatse getsi la pabalaza. Nkhuku ija sidagwidwe pabwalo. Idatengedwa pangongole kumsika. M'kuwerenga kwake, tsiku lililonse limene iye adagona pamenepo linkachotsa theka la nkhuku m'thumba la mwana wa mlongo wake. Mwambo udali womwe uja wakumudzi, koma nkhokwe, thengo ndi chitsime zimene zinkausenza padalibe.

Padalinso mtengo wina umene sugulidwa kumsika. Mwa mwambo, munthu ndi mpongozi wake amapatsana mtunda. M'nyumba ya zipinda ziwiri mtunda umenewo udasowa. Mayi wa pakhomopo ankayenera kudutsa pamene apongozi ake agona kuti akasonkhe mbaula m'mamawa, ndipo bamboyo ankadzuka kusanache kuti asamuchititse manyazi. Chifuwa chikamugwira usiku ankachipondereza kuti asadzutse ana. Kwa eni kulibe mkuwe. Kuonjezera apo, ulendo wa minibasi wopita ndi kubwera kuchipatala udadya nkhuku yathunthu pa masiku atatu.

Usiku wachitatu adamva manong'onong'o kuseri kwa katani. Mayiyo ankafunsa kuti, “Nanga za lendi tichita bwanji, bambo a ana? Mwezi watha.” Mwamunayo adayankha kuti, “Tsitsani mawu, amalume angamve.” M'mawu amenewo mudalibe chidani, mudali kuwerenga chabe. Koma bamboyo adadziwa kuti kuwerenga kotere kukapitirira masiku 14 kumabala mawu ena, ndipo mawuwo akatuluka sabwereranso m'kamwa.

Kuyendera maresitihausi

M'mawa mwake, asanapite kukaona wodwala, adayendera maresitihausi atatu. Pokumbukira kuti safunsa adadya phula, sadatulutse ndalama asanaone chipinda. Oyamba adali opaka utoto wowala kunja, koma atatukula matiresi ndi kuyang'ana m'misoko adapeza timadontho takuda ta nsikidzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Achiwiri adali aukhondo ndiponso otsika mtengo, koma khoma lake lidali limodzi ndi la malo omwera mowa, ndipo anthu olowa ndi kutuluka m'zipindamo sadali onse apaulendo. Wogona pamalo otere asadandaule za phokoso, pakuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Achitatu adali abwino: neti yopanda zibowo, chitseko chokhala ndi loko ndi mpiringidzo wa m'kati, ndi bafa lapanja lokhala ndi madzi. Mtengo wake udali nkhuku imodzi usiku uliwonse. Chipinda chokhala ndi bafa ndi chimbudzi momwemo chidali pafupifupi nkhuku ziwiri.

Zimene adachita bamboyo ndi zimene wapaulendo aliyense ayenera kuchita. Aone chipinda ndi maso ake, ayese loko, afunse ngati madzi amatuluka, afunse nthawi yotulukira m'chipinda m'mawa, ndiponso afunse ngati mtengo ungatsike kwa munthu wokhala sabata yathunthu. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Eni malo ambiri amatsitsa mtengo akamva kuti chipinda sichikhala chopanda munthu masiku angapo.

Resitihausi imagulitsa chinthu chimene kwa mbale kulibe, ndicho kiyi. Munthu amalowa ndi kutuluka nthawi imene wafuna, amatsokomola momasuka, ndipo akalipira ngongole yatha. Koma simukhala mbaula yake, choncho chakudya chonse ndi chogula kuchiimirire kapena kulesitilanti. Bamboyo adawerenga kuti chipinda ndi chakudya zikanadya nkhuku imodzi ndi theka patsiku. Pa masiku 10 otsalawo zikanafunika nkhuku 15, ndipo iye analibe.

Maloji ndi mahotela

Za loji ndi hotela sadataye nazo nthawi, koma ndi bwino adzukulu adziwe pamene zimaima pa muyeso womwewo. Loji wamba, yokhala ndi mpanda, mlonda, madzi otentha ndi chakudya cham'mawa, imadya nkhuku zingapo usiku umodzi. Mahotela aakulu monga Mount Soche ndi Ryalls mu Blantyre, kapena Capital ku Lilongwe, sawerengedwa ndi nkhuku. Kumeneko usiku umodzi umaposa mbuzi. Malo amenewa si oipa ayi. Adamangidwira alendo akunja, amalonda aakulu ndi anthu amene ofesi ikuwalipirira. Choipa ndi chakuti wachinyamata alowemo ndi ndalama ya fetereza pofuna kuti anzake amuone pa Facebook. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Amene adakwerapo sitima ya Ilala, imene idayamba kuyenda panyanja ya Malawi mu 1951, adaona mitundu yonse ya pogona itasanjikizana m'chombo chimodzi. Pamwamba pali zipinda za mabedi, pali malo apoyera pamene ena amayala matiresi, ndipo pansi pali mabenchi pamene anthu amagona pakati pa matumba a ufa ndi usipa. Mitengo yake imasiyana kutali, koma sitimayo ikakocheza ku Nkhata Bay kapena ku Likoma onse amafika ola limodzi. Ndalama yoonjezera imagula tulo, siifupikitsa ulendo.

Khomo la mpingo

Pakati pa resitihausi ndi loji pali nyumba za alendo za mipingo. Mu Blantyre muli Grace Bandawe, ku Mulanje kuli Likhubula House, ku Chongoni m'boma la Dedza kuli Namoni Katengeza, ku Lilongwe kuli Msamba, ndipo ku Livingstonia kuli Stone House, imene idali nyumba ya Dr. Robert Laws. Malo otere amakhala abata ndi aukhondo, ndipo mayi woyenda yekha amagona mtima uli m'malo. Mtengo wake nthawi zambiri umaposa wa resitihausi ya kumsika, koma sufika pa wa hotela.

Palinso mwambo wina umene udalowa m'malo mwa kufunsa mfunda. Munthu wopemphera akamapita kutali amatenga kalata yomudziwitsa kwa akulu a mpingo wa kumene akupita, ndipo Msilamu naye akafika pamzikiti sasowa womulozera pogona. Bambo wa ku Ntcheu uja adali ndi kalata yotere m'thumba la chijasi. Ataionetsa, adamulozera kwa mkulu wina wamasiye wa ku Chitawira, amene adali ndi kachipinda kopanda munthu kuseri kwa nyumba yake. Kuchokera kumeneko kupita ku Gulupu ndi ulendo wapansi.

Mkuluyo adayamba ndi kukana malipiro, monga mwa mwambo. Bamboyo adati, “Achimwene, mwandichitira chifundo, koma tiyeni titchule mtengo kuti nonse ndi ine tizigona tulo. Madzi anu ndi ogula, magetsi ndi ogula.” Adagwirizana ndalama ya nkhuku zitatu pa masiku 10, ndiponso kuti mlendoyo azigula yekha makala ndi kuphika pambaula ya mwini nyumba.

Kutsanzika

Chovuta chidali kutsanzika ku Ndirande. Mwana wa mlongo wake atamva, nkhope idagwa.

“Amalume, talakwa chiyani? Kumudzi akamva kuti mukugona kwa eni ife tili mumzinda momwemuno, adzati chiyani? Amayi ndidzawayang'ana bwanji?”

“Mphwanga, palibe chimene mwalakwa. Mwandisunga ngati mfumu, ndipo amayi ako ndikawauza ndekha. Miyendo yangayi yatopa ndi kukwera ndi kutsika minibasi, ndipo azakhali ako akufuna ndizifika m'mamawa. Lamulungu ndidzabwera kudzadya nsima ya apongozi angawa.”

Za manong'onong'o a usiku uja sadatchule. Ponyamuka adapatsa mwana wamkulu wa pakhomopo ndalama ya nkhuku imodzi nati, “Kapatse amayi ako, ndi ya sopo.” Ndalama yodzera m'manja mwa mwana, yotchulidwa dzina la sopo, munthu sangaikane, ndiponso siimveka ngati malipiro. Lamulungu lililonse mwa awiri otsatirawo adapitadi ku Ndirande, atanyamula kabichi ndi tomato, ndipo ana adamuthamangira kumsewu.

Mkazi wake atatulutsidwa m'chipatala, bamboyo adawerenga motere. Padepoti padapita theka la nkhuku. Ku Ndirande kudapita nkhuku ziwiri, ina ya minibasi, ina ya sopo. Chipinda cha ku Chitawira chidadya zitatu, ndipo ufa, ndiwo ndi makala a masiku 10 zidadya zitatu ndi theka. Zonse pamodzi zidakwana 9, ndipo imodzi idatsala, imene idagulira wodwala chitenje chopitira kumudzi. Akadagona ku resitihausi masiku onse 14, zikadafunika nkhuku 21. Akadakhala ku Ndirande masiku onsewo, m'thumba mwake mukadachoka pafupifupi zisanu za minibasi, ndipo iye akadadzitama kuti wapulumutsa ndalama. Koma m'thumba la mnyamata uja mukadachoka 7, ndipo lendi ya mwezi umenewo ikadasowa.

Zimene adzukulu angatolepo

Pa kuwerenga kumeneku pakutuluka mfundo zingapo. Yoyamba ndi yakuti kutalika kwa ulendo kumasintha mtengo. Kwa mbale ndi kotsika mtengo usiku umodzi kapena uwiri, ndipo kumakwera tsiku ndi tsiku ngakhale palibe wotchula. Chipinda cholipira chimapweteka tsiku loyamba, koma munthu akakhalitsa angathe kunenerera mtengo. Kwa ulendo woposa sabata, kachipinda kokhala ndi mbaula kamaposa zonse, pakuti ndalama yambiri ya paulendo imathera m'mbale.

Yachiwiri ndi ya chiwerengero cha anthu. Ku resitihausi anthu awiri angathe kugawana chipinda chimodzi, mtengo wa aliyense n'kutsika. Kwa mbale, munthu aliyense woonjezera ndi ndowa ina ya madzi ndi chipande china cha nsima. Banja la anthu asanu lopita kuukwati kapena kumwambo wa omaliza maphunziro liyenera kuganiza kawiri lisanatsikire pakhomo pa munthu mmodzi.

Yachitatu ndi ya mtunda. Pogona potsika mtengo koma pakutali ndi chimene munthu wadzera pamadya ndalama m'minibasi ndi pakabaza. Mtengo wa bedi uziwerengedwa pamodzi ndi wa msewu.

Yachinayi ikukhudza mwambo. Popeza mwini nyumba saloledwa kufunsa tsiku lonyamuka, mlendo wa masiku ano azilitchula yekha asanakhale n'komwe pansi. Mafoni alipo, choncho kufika modzidzimutsa kulibenso chifukwa. Wochokera kumudzi anyamule ufa, nyemba kapena mtedza, ndipo amene sangathe kunyamula atumize kangachepe pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti makala akamupeze alipo. Kutero si kugula chibale. Ndi kubweretsa nkhokwe ndi thengo kumene kulibe.

Adzukulu amene ali ndi nyumba m'tauni nawonso ali ndi mbali yawo. Asatseke chitseko chifukwa choti madzi ndi ogula, pakuti ambiri mwa iwo adafika mumzinda ndi kachikwama kamodzi nagona pabalaza pa munthu wina mpaka atapeza ntchito. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma asadzipanikizenso ndi ngongole ya nkhuku pofuna kuoneka olemera. Nsima ya masamba yoperekedwa ndi nkhope yowala imakhutitsa kuposa nyama imene mwini nyumba akuiwerenga ndi maso. Ndipo mlendo akanena kuti wapeza malo pafupi ndi chimene wadzera, asamuyese wonyoza. Mwina wawakonda kuposa mmene akuganizira.

Akuluakulu adati chibale ndi fupa, sichiola. Ndi zoona, koma fupa limathyoka likasenzetsedwa katundu woposa msinkhu wake, ndipo likathyoka limachedwa kulumikizika. Adatinso ukayenda siya phazi, usasiye mlomo. Wapaulendo wanzeru amawerenga nkhuku za m'thumba mwake pamodzi ndi za m'thumba la womulandira, ndipo amanyamuka eni nyumba akadali kumuumiriza kuti agonenso. Wotero akadzagogoda chaka china, chitseko chimatseguka asanamalize kunena kuti odi.